Soya wa a Laisoni ndi mtengo wa pa wailesi

A Laisoni mukanawaona akubwera chapatali mukanati ndi munthu amene wataya ndalama yachitsulo ndiye akuifunafuna. Mutu pansi, msana wokhota, manja kumbuyo. Sikuti anali okalamba ayi, ndi fodya anawapinda chonchija. Akafuna kuyankhula ankayamba akhosomola kaye, khoo, kenako, "Pepanitu." Chilichonse pepanitu. Kupempha madzi akumwa, pepanitu. Munthu kuwaponda phazi, iwo ndi amene ayambe kunena pepanitu. Ife pa Kabudula tinkangowaitana kuti a Pepanitu, ndipo ankavomera.

Kwawo kunali ku Phalombe. Kuchigawo chapakati kuno anabwera pa lole ya esiteti, iwo ndi akazi awo mayi Idah, kumbuyo kuli kamwana, Mwayi. Lole inakawatsitsa pa esiteti ina ya fodya cha ku Kasiya uko, ndipo anakhala matenanti zaka zambirimbiri. Amene simuudziwa utenanti ndikuuzeni. Bwana amakupatsa munda, feteleza ndi ndowa ya chimanga yoti uzidya. Iwe ndi banja lako lonse mumagwira, kuthirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa. Fodya akagulitsidwa bwana amakhala pampando, mwendo pamwamba pa unzake, n'kuyamba kuchotsera. Chimanga munadya chija, chotsa. Feteleza, chotsa. Khasu linathyoka lija, chotsa. Mankhwala a mwana, chotsa. A Laisoni ankati chaka china zotsala zinangokwana sopo ndi mchere, iwo n'kulandira ndi manja awiri, pepanitu, zikomo bwana.

Chaka china fodya anachita bwino moti ngakhale bwana anatopa kuchotsera. Anzawo anagula masuti, ena anakamwera pa Kasiya. A Laisoni anagula sikelo ndi njinga, anamanga katundu, n'kubwera kuno. Malo anawapatsa ndi mayi Ezeliya, amayi amasiye a pampingo pathu, amene anadziwana ndi mayi Idah ku Chigwirizano cha amayi. Mayi Ezeliya ndi munthu woti sadziwa kunong'ona. Akamakuuza chinsinsi, a ku Nsaru amamva nawo. Anawalozera kuseri kwa khola lawo la mbuzi n'kuti, "Mangani apo! Koma nkhuku zanu zisamadye mphale yanga!"

Kuyambira pamenepo a Laisoni anali ndi mawu amodzi amene ankawanena paliponse, pamaliro, pabawo, pometetsa. "Khoo. Pepanitu, ine ku esiteti ndiye ayi. Kuli bwino mundikwirire wamoyo." Ndipo zonse zimene ankachita zinali zothawa esiteti basi.

Ntchito yawo inali uvenda wa mbewu. Pa Kabudula pali mkuyu m'mbali mwa msewu, ndipo nthawi yokolola nthambi iliyonse imakhala ndi sikelo yake ikulendewera. Mlimi amabwera ndi soya kapena mtedza, pamutu, panjinga, pangolo, venda n'kupima, n'kulipira pompo. Matumba akadzadza, venda amakagulitsa ku depoti ya bwana wina wa m'tauni, kumtunda kwa msika, amene ali ndi malole opita ku makampani. Phindu la venda ndi kachidutswa kotsala pakatipo, kochepa ngati nyama ya pamaliro a m'mphawi. Ndiye pamkuyu pali lamulo lake. M'mawa Gladson, amene ndi venda wamkulu pamenepo, amaimba foni ku depoti kufunsa kuti lero akugula bwanji. Akamva, onse amagwirizana mtengo umodzi, aliyense n'kulemba ndi khala pakatoni yake. Palibe wokwera yekha, palibe wotsika yekha.

A Laisoni anatsata lamuloli zaka zingapo ndipo zinkawayendera pang'onopang'ono. Anagula timbuzi. Mwayi analowa sukulu, nsapato kuphazi. Anagulanso malata, n'kuwasanja m'chipinda kudikira kuti akakwana afolere nyumba. Chaka chimenecho udzu wa padenga sanausinthe n'komwe. Ankati kuvutikiranji ndi udzu woti tiusasula posachedwapa.

Chaka chimene ndikunenachi soya anabereka moti ndi alesi omwe anakolola. Soya atachuluka, mtengo ku depoti unatsika, alimi n'kumalira. Kenako wailesi inayankhula. Mukuwadziwa mawu aja okhuthala ngati munthu wameza mbatata yotentha: "Boma likudziwitsa anthu onse kuti lakhazikitsa mtengo woyambira wa soya. Aliyense wopezeka akugula motsika kuposa pamenepa, lamulo ligwira ntchito." Mtengo umene anatchula unali pamwamba kwambiri, wa ku depoti ukuoneka ngati mwana wake. Lamulungu mkulu wa mpingo anabwereza nkhaniyi pa zolengeza, amayi n'kululuta ngati kwabwera mkwati.

Lolemba m'mawa mavenda anagwirizana mtengo wawo wa masiku onse, wochokera ku depoti. A Laisoni anakhala pansi, n'kulemba wawo pakatoni, mosamala, lilime lili panja. Gladson anabwera, kamtengo kotokosera m'mano kali kukamwa. Mnyamata ameneyu amayankhula mothamanga ngati minibasi ikumusiya.

"Achimwene, mwalemba chiyani apa? Ndi nambala ya foni?"

"Khoo. Pepanitu, ndi mtengo wa boma."

"Boma lakupatsani ndalama zogulira?"

"Ayi, koma lanena."

"Lanena! Kodi wailesi ili ndi lole? Nyumba ikadzadza, wailesiyo ibwera kudzanyamula?"

Mavenda ena anafa nako kuseka. A Laisoni sanaseke.

"Pepanitu a Gladson, inu kuno ndi kwanu. Akakumangani, abale anu akadzadza kupolisi. Ine akandimanga akandiona ndani? Komanso boma likati gulani motere, ndiye kuti a depoti nawonso liwauza akweze. Silinganame pa wailesi anthu onse akumva."

"Eee, silinganame. Fufutani katoniyo madala, mutipweteketsa tonse."

Sanafufute.

Abale, nkhani ya ndalama imathamanga kuposa ya maliro. Dzuwa lisanafike pamutu, nthambi ya a Laisoni inali ndi mzere mpaka pachigayo. Ena anachokera ku Nambuma, ena kutsidya kwa dambo, thukuta lili kamukamu. Mavenda enawo anangokhala pa matumba opanda kanthu, kumathamangitsa ntchentche. A Laisoni akupima, akulipira, akusoka matumba, nkhope ikuwala. Tsiku limenelo msana wawo unaoneka ngati wawongoka pang'ono. Aliyense ankati, "Mulungu akudalitseni bambo," iwo n'kumati pepanitu.

Mawa lake masana mpamba unatha psiti. Anakwera pachitsa kuti amasule sikelo. Asanamasule, kumbuyo kunamveka mawu, mbalame za mumkuyu n'kubalalika.

"Bambo a Mwayi! Mukumasula chiyani?"

Anali mayi Ezeliya, thumba pamutu, kumbuyo kwawo kuli amayi a Chigwirizano ndi mkulu wa mpingo uja, akukankha njinga yolemedwa.

"Pepanitu amayi, ndalama zatha."

"Zatha? Zathera anthu a ku Nambuma oti ndi mayina omwe simuwadziwa, ife amene timakuonerani nkhuku mukachoka titsale? Dzulo ndinaswera kupeta kuti ndikubweretsereni woyera bwino! Ndiye ndipite kwa Gladson akandimete? Tawaonani amayi awa, mwendo wotupa, ayenda kuchokera kutsidya. Muwabweze?"

Gladson chapatali anati, "Bwerani kuno amayi, lumo ndanola kale!"

Wina akanangoti pepani zatha, n'kumapita. Koma munthu wobwera, nyumba yake ili pamalo a eni ake, madzi akutunga pachitsime chawo, akadzamwalira adzagona m'manda mwawo. Kwa munthu wotere mawu oti ayi ndi olemera kuposa thumba la soya. A Laisoni anayang'ana mayi Ezeliya, anayang'ana mkulu wa mpingo amene anawalandira m'kalasi ya mpingo, n'kutsika pachitsa sikelo ili pompo.

"Khoo. Tadikirani pang'ono."

Anapita kwa wopha mbuzi, mbuzi zonse zinapita. Ndalama imeneyo inatha tsiku lomwelo, chifukwa amayi a Chigwirizano nawonso ali ndi azichemwali awo, ndipo azichemwaliwo ali ndi apongozi. M'mawa mwake anatulutsa malata. Wogula anali Gladson yemweyo, motchipa, akupukusa mutu. Mayi Idah anaima pakhomo, manja m'chiuno. Iwo ndi mayi oyankhula motsitsa, koma mawu awo amalasa ngati singano yosokera matumba.

"Abambo a Mwayi, malatawa akupita kuti?"

"Abweranso, amake Mwayi. Sabata ino yomwe. Abwera ndi anzake."

"Ali ndi miyendo eti?"

Pomaliza inapita njinga. Pamenepo ndi pamene mzere unatha, chifukwa anthu anaona okha kuti munthu uja watsala ndi malaya okha. Nyumba yonse inali soya. Pabalaza soya, kuchipinda soya, matumba kusanjikizana mpaka kugunda denga. Banja lonse linasamukira m'khitchini.

Kenako a Laisoni anatapa soya m'kambale n'kupita ku depoti kukaonetsa. Kalaliki wa pamenepo ndi Yonasi, mnyamata woti timawaya ta nyimbo sitichoka m'makutu mwake. Amayankhula osakuyang'ana, mutu ukugwedera. Pakhoma, kumbuyo kwake, panali mtengo wa boma, wolembedwa ndi penti yofiira, zilembo zikuluzikulu. A Laisoni ataona anamwetulira.

"Pepanitu, ndaona mwakweza."

Yonasi anatola kanjere kamodzi, n'kuluma, n'kulavula.

"Wonyowa uyu."

"Wonyowa? Akulira m'mano chonchi?"

"Wonyowa, komanso wa zinyalala. Thumba lililonse tichotsa makilo a madzi, makilo a fumbi, ndi a thumba lenilenilo. Mtengo ndi womwewo wa pakhomawo, ife timamvera boma."

A Laisoni atawerengera m'mutu anapeza kuti akachotsa zonsezo, zikubwerera pa mtengo wakale womwe uja, mwinanso kutsikirapo. Anati, "Nanga ine ndagula pa mtengo wa boma, osachotsa kanthu." Yonasi anachotsa kawaya kamodzi kukhutu, koyamba kuwayang'ana.

"Ndiye ndinu madala aja? Kagulitseni ku boma komweko."

Anapitadi, wapansi. Msika wa boma uli kataliko ndithu. Anapeza chitseko chili ndi loko wadzimbiri, pakhonde mbuzi zikubzikula. Mlonda anali gone pabenchi, chipewa kumaso. Anayankha osadzuka.

"Sitinayambe kugula. Ndalama zikubwera."

"Pepanitu, zifika liti?"

"Zili m'njira."

"Zanyamuka kale?"

"Madala, ine ndi mlonda. Ndikuti zili m'njira."

Anapitako kangapo konse, ndipo ulendo uliwonse ndalama zinali m'njira. Kaya zinkabwera pa nkhono.

Ali mkati modikira, wailesi inayankhulanso, mawu okhuthala omwe aja. Boma laletsa kutumiza soya kunja kwa dziko, ati kuti mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku zisakwere mtengo m'tauni. Makampani atamva kuti soya alibe kolowera, anangopinda manja. Afulumirirenji, soya ali mbwee, mwini wake abwera yekha akulira. Mtengo unagwa ngati papaya lakupsa. Pamkuyu Gladson ankafufuta katoni kawiri pa tsiku, kutsitsa kokhakokha.

A Laisoni ankapachikabe sikelo yawo m'mawa uliwonse ngakhale analibe chogulira. Alimi ena ankafuna kudziwa kulemera kwa katundu wawo asanapite kwa Yonasi, ndiye ankapimitsa kwa iwo n'kuwasiyira kangachepe ka mchere. Banja linkadyera pamenepo.

Tsiku lina la msika, foni ya Gladson inalira. Mnzake wa ku Nsaru anati galimoto yoyera ya anthu a boma yanyamuka, ikubwera kumeneko. Simunaone anthu ochenjera ngati mavenda. Kuphethira kamodzi, nthambi zonse zinali mbee. Sikelo ina inalowa m'thumba la makala, ina pansi pa chitenje cha mayi wogulitsa tomato. Makatoni anaponyedwa pamoto wa wokazinga tchipisi. Gladson anakhala pansi n'kuyamba kusenda nzimbe ngati munthu wodikira minibasi.

"Achimwene, masulani sikeloyo!"

"Pepanitu, ndithawirenji? Amenewa ndi amene ndimawadikira."

Anapisira malaya m'thalauza, anapukuta katoni yawo ndi chikhatho, n'kuima pambali pake chilili ngati mwana wa sukulu wolandira mphatso.

Galimoto inaima, fumbi kobo. Anatsika bambo wamimba yake, Chichewa chake chotulukira m'mphuno ngati anakulira kunja, pambuyo pake wapolisi. Anayang'ana mkuyu wonse, sikelo imodzi yokha.

"Ya ndani iyi?"

"Khoo. Pepanitu bwana, ndi yanga. Mtengo ndi uwu, wa boma. Ndagula soya wodzadza nyumba, sindinabere munthu ndi mmodzi yemwe. Ndiye ndimati ndifunse, kodi ndikagulitse kuti?"

"Chiphaso chogulira mbewu chili kuti?"

"Chiphaso?"

"Laisensi, madala. Aliyense wogula mbewu akhale ndi laisensi. Imatengedwa ku Lilongwe. Sikelonso iyi ilibe chidindo cha chaka chino."

"Pepanitu bwana, pa wailesi ananena za mtengo."

"Mtengo wanu ndi wabwino, tikuyamika. Koma lamulo ndi lamulo. Wapolisi, masula."

Wapolisi anakwera pachitsa chomwe chija n'kumasula. A Laisoni anatsatira sikelo yawo mpaka pagalimoto, manja atatambasula, akungoti pepanitu bwana, pepanitu bwana. Bwanayo anati akaitenge ku ofesi akalipira chindapusa. Galimoto inakwera kumtunda, n'kuima pa depoti. Kumeneko laisensi ili m'galasi, pakhoma, pafupi ndi penti yofiira ija. Anaiyang'ana, anagwirana chanza ndi Yonasi, n'kumapita. Fumbi lisanathe n'komwe, sikelo zina zonse zinali zitabwerera m'nthambi. Palibe anaseka. Gladson anataya nzimbe yake osaimaliza.

Pamenepo ndiye inayamba miyezi ya soya. Kadzutsa phala la soya. Masana soya wokazinga. Ndiwo soya wophika ngati nyemba, woti umaphika nkhuni mpaka kutha iye ali gwa. Mayi Idah anafika pomukazinga mpaka kuda, kusinja, n'kumamwa ngati khofi. Mukadutsa kuseri kwa khitchini yawo munkamva m'mimba mwa anthu mukulira ngati ng'oma. Mwayi anzake kusukulu anamupatsa dzina loti Soya, mwana n'kumabwera akulira. Makoswe a mudzi wonse anasamukira kwa a Laisoni, ananenepa mpaka amphaka kumawaopa.

Amene anagulitsa pa mtengo wa boma aja anagula feteleza, ena zitenje zatsopano. Kutchalitchi ankawapatsa moni ndi manja awiri, "A Laisoni, munthu wa Mulungu," koma mofulumira, maso ali kwina. Mayi Ezeliya ankatumiza kambale ka ufa, nthawi zina ka nkhwani. Mawu oti soya sanawatchulenso pakamwa pawo, ndipo akafika pakhomo la a Laisoni ankayankhula motsitsa, chinthu chimene sitinachionepo chibadwire.

Gladson anapitako tsiku lina. Anasuzumira m'nyumba, n'kuimba mluzu.

"Madala, gulitsani. Ndikupezerani ngolo, tikatule kwa Yonasi. Mupulumutseko kangachepe, muyambirenso."

"Pepanitu, pa mtengo umenewu ndiye kuti mbuzi, malata ndi njinga ndangotaya m'chimbudzi. Boma likatsegula msika wake ndipeza zanga."

Mayi Idah anali pamtondo. Anasiya kusinja.

"Abambo a Mwayi, amvereni anzanuwa. Boma lomwelo lakulandani sikelo."

"Amene analanda sikelo ndi munthu, amake Mwayi. Boma linanena mtengo."

"Chabwino. Tidya mtengowo."

Kunja kutayamba kutentha, kunabwera njinga yamoto. Anali kapitawo wa ku esiteti yakale ija, bambo wamfupi wovala magambuti ngakhale kuli ng'amba. Nkhani inali itamupeza. Anakhala pathumba la soya ngati pampando wake.

"Laisoni, bwana akukupatsa moni. Akuti dzanja lako pa nazale palibe wofanana nalo. Banja lina latithawa, nyumba ilipo, ndowa ya chimanga ilipo. Ukuvutikiranji kuno ngati mwana wamasiye?"

A Laisoni sanakhosomole. Sananene pepanitu. Anangoti, "Dzukani pathumba langa, muzipita." Kapitawo anaseka, n'kuliza njinga yake. "Ndidzadutsanso," anatero.

Kenako inabwera chizimalupsa, mvula ija imagwa anthu asanakonzeke. Tsikulo kunacha bwinobwino. Chakumasana kumwamba kunada bii cha ku Nambuma, mphepo n'kuyamba kunyamula mapepala pamsika. A Laisoni anali ku msika wa boma kuja, kukamva za ndalama za m'njira. Anathamanga ulendo wonse, mvula ikuwakwapula. Pofika anapeza mayi Idah ndi Mwayi akulimbana, wina beseni, wina mphika, zitenje zonse ndi mphasa atafunditsa matumba. Koma denga lija la udzu wakale linali ngati sefa. Madzi ankalowa paliponse, kutsika m'makoma, kuyenda pansi. Mayi Ezeliya anabwera ndi pepala la pulasitiki limene amafunditsa nkhokwe yawo, koma linangokwana matumba a pamwamba pakona imodzi.

Patapita masiku ochepa nyumba inayamba kununkha ngati mowa wowola. Matumba anafufuma, ena kuphulika m'misoko. Atatsegula anapeza soya wina wachita nkhungu, wakuda, wogwirana ngati chigumu, wina watulutsa timichira toyera. Anamukhuthulira pabwalo ponse kuti aume, kuyambira pakhomo mpaka kukhola la mbuzi. A Laisoni anakhala pakati pake ndi lichero, kusankha njere imodziimodzi, wabwino uku, wowola uku. Anthu odutsa ankangoti, "Pepani bambo." Iwo osadzutsa mutu.

Ngolo anabweretsa ndi Gladson, osalipiritsa. Yonasi ulendo uno sanavutike n'kuluma komwe. Ananunkhiza, n'kukwinya mphuno. Anasankha matumba owerengeka, n'kuchotsa makilo ake a madzi ndi a fumbi, otsalawo anati, "Awa kapatseni a nkhumba." Ndalama imene anatuluka nayo inagula chimanga choti n'kudya mwezi umodzi ndi theka, basi. Yowombolera sikelo panalibe. Munda analibe, malo a mayi Ezeliya anali ongomangapo nyumba. Anayesa ganyu yokweza matumba m'malole pa depoti pomwepo, koma msana uja ndi chifuwa chija zinakana. Tsiku lachiwiri anagwa ndi thumba pa thabwa lokwerera, anyamata n'kuwanyamula kukawakhazika pamthunzi.

Sabata yomweyo wailesi inayankhulanso. Boma lamva madandaulo a alimi, latsegula zipata, soya atha kupita kunja. Mtengo unalumpha tsiku limodzi, kupitirira ngakhale wa boma uja. Koma alimi ake ati? M'midzi munalibe ndi kambale komwe. Soya yense anali m'madepoti. Malole anayamba kutuluka kumtunda kuja motsatizana, olemedwa mpaka matayala kuphwatalala, ndipo m'kati mwa ena mwa iwo munali matumba a a Laisoni, osokedwa ndi dzanja lawo. Iwo anali khale pakhonde, akuwaona akudutsa.

Kapitawo atadutsanso, a Laisoni analowa m'nyumba. Amene anatuluka ndi mayi Idah. Anagwada patali pang'ono monga mwa ulemu, koma nkhope ili gwa.

"Ndowa ya chimanga ija mukupereka tikangofika, kapena mpaka mwezi uthe?"

"Mukangofika, mayi."

"Mwanayu sukulu?"

"Sukulu iliko, kungoti ndi kutali pang'ono. Komanso nthawi ya nazale mukudziwa kale, manja amafunika."

Mayi Idah anatembenukira kuchitseko.

"Abambo a Mwayi, mwamva?"

M'nyumba munamveka kukhosomola kokha.

Kalole ka esiteti kanabwera Loweruka m'mawa. Katundu sanachedwe kukweza, mphasa, miphika, ndowa, kathumba ka chimanga, nkhuku zomanga miyendo. Gladson ndi amene ankanyamula, kamtengo kake ka m'mano kulibe. Mwayi anakwera atavala yunifolomu, chifukwa ndiye chovala chake chabwino. Mayi Ezeliya mawu awo anabwerera tsiku limenelo. Anamuzungulira kapitawo, chala m'maso.

"Iwe wamagambuti iwe! Anthu awa ndi anga, wamva? Ukawadyetse! Ndikadzamva kuti mwanayu wadwala ndidzabwera konko wapansi!"

Kenako anagwira dzanja la a Laisoni, n'kuyamba kulira mokweza.

"Bambo a Mwayi, ine sindinkadziwa. Ndinkangoti boma lanena. Nyumbayi sindipatsa munthu, ndiikira loko. Mukakolola mubwere."

A Laisoni anayang'ana nyumba, anayang'ana msewu wa kumkuyu. Dalaivala analiza hutala. Gladson anawagwira m'chiuno n'kuwakankhira m'mwamba, chifukwa okha sakanatha kukwera. Anakhala pansi pakati pa miphika, nkhope atalozetsa kutsogolo, ndipo mpaka kalole kanakhota pachigayo sanacheuke.

Mvula yeniyeni itayamba, pabwalo pawo ponse panamera soya, wothithikana, wobiriwira bwino, kuyambira pakhomo mpaka kukhola. Palibe anamupalira. Mbuzi za mayi Ezeliya zinadya sabata imodzi, n'kutha.